Nyongolotsi zikungothera m'madzi koma nsomba osakodwa: vuto lili pati?

Wowerenga wina watilembera motere:

"Ndimakonda kuwedza makumba ndi chilunguni padamu lina Loweruka lililonse, ndipo masiku ano ndimapita ndi mwana wanga wazaka 11. Nyambo yathu ndi nyongolotsi. Vuto ndi lakuti kachoyandama ka pa chingwe kamagwedezeka bwinobwino, koma ndikakoka ndimapeza mbedza ili yokhayokha, nyongolotsi yapita. Pofika masana zotsala m'chitini zimakhala zitafa n'kusungunuka, fungo lake losapiririka. Nsomba zochepa zimene timagwira zimakhala zitameza mbedza mpaka kukhosi, moti zing'onozing'ono zimene timafuna kubwezera m'madzi zimafa. Mnzanga wandiuza kuti ndisiye zokumba nyongolotsi, ndigule nyambo zopanga zooneka ngati nyongolotsi, zimene amagwiritsa ntchito owedza ndi fly, zomwe ndi nyambo zomangira pa mbedza ndi ulusi. Kodi nsomba ingadyedi ulusi? Ndithandizeni, mwana wayamba kugwa ulesi."

Zikomo bambo chifukwa cholemba, komanso chifukwa chotengana ndi mwana popita kumadzi. Mtima ukhale m'malo. Kachoyandama kakamagwedezeka ndiye kuti ntchito yovuta mwaigwira kale: malo mwawapeza, nsomba zilipo, ndipo nyambo yanu zikuifuna. Pa zaka zimene ndakhala ndikuwedza ndi kuphunzitsa ena, dandaulo lanuli ndi limene ndalimva kwambiri, ndipo kawirikawiri limatha tsiku limodzi munthu akangosintha tinthu ta kumapeto kwa chingwe. Mavuto anu onse, kupatula la nyongolotsi zofera m'chitini, akuchokera malo amodzi: kukamwa kwa nsomba imene mukuifunayo.

Mukadzagwira ina, musathamangire kuiponya mu ndowa. Itseguleni kukamwa ndi chala muione bwino. Kukamwako n'kwakung'ono, milomo ndi yokhuthala, ndipo m'mphepete muli timano ting'onoting'ono tondandalikana ngati mswachi, topalira ndere ndi kudulira udzu wam'madzi. Chakukhosi kuli mano ena operera chakudya. Nsomba yotere siithamangira nyambo n'kuitsomphola monga zimachitira nsomba zodya zinzake. Imafika pang'onopang'ono, n'kuima, n'kuyang'ana, kenako n'kutsegula kukamwa mwadzidzidzi kuti madzi alowe pamodzi ndi chakudyacho. Ikatero imalawa, pakuti pamilomo ndi m'kamwa mwake muli timinyewa tomvera kukoma. Ikamva kulimba kwachilendo kapena kukoka kwa chingwe, imalavula nthawi yomweyo.

Kumbukiraninso kuti nyongolotsi si chakudya cha tsiku ndi tsiku cha nsombazi. Makumba amadalira kwambiri ndere, tizomera tosaoneka ndi maso toyandama m'madzi, ndi zowolera pansi. Chilunguni chimakonda masamba ndi udzu wam'madzi. Nyongolotsi zimadya ikapezeka, makamaka mvula ikaikokololera m'madzi, koma zimaidya mojompha, mosamala. Kadyedwe koyamwa n'kulavula kameneka kalinso ndi nsomba zina zathupi lophwatalala ndi kukamwa kochepa, monga bluegill ya ku North America ndi bream ya m'mitsinje ya ku Ulaya, imene imatambasula milomo n'kumafufuza timphutsi m'matope. Choncho zimene ndikukuuzanizi zimagwira ntchito kulikonse kumene kuli nsomba zotere.

Tsono taonani zimene zikuchitika pansi pa madzi. Mwakoleka nyongolotsi yathunthu ya masentimita 10 pa mbedza yaikulu, mchira ukulendewera. Nsomba yagwira mchirawo, yakoka, kachoyandama kamira pang'ono, inu mwakoka mwamphamvu. Mbedza inali isanalowe m'kamwa, ndiye mwangothandiza nsombayo kudula nyongolotsi. Kotsalako tinsomba ting'onoting'ono tamaliza musanaponyenso.

Yambani ndi mbedza. Pezani za nambala 8, 10 ndi 12. Nambala ikamakwera mbedza imachepa, ndiye 12 ndiyo yaing'ono pa zitatuzi. Ine ndimayamba ndi 10, ndikaona kuti zikungojompha ndimasinthira ku 12. Sankhani za waya wowonda, chifukwa waya wonenepa umaphulitsa nyongolotsi, madzi ake n'kuthera pa zala zanu isanafike n'komwe kwa nsomba. Mbedza yotalikirapo kuchokera pomangira chingwe kukafika pokhota imavuta pang'ono kumeza ndipo siivuta kuchotsa. Yesani kuthwa kwake pa chikhadabo cha chala chachikulu: yakuthwa imakanirira, yobuntha imaterereka. Musaope kuti nsomba yaikulu iwongola mbedza yaing'ono. Ya kilogalamu imodzi imatuluka bwinobwino pa nambala 10, bola osaikoka mwankhanza.

Nyongolotsiyo iduleni. Tengani kachidutswa ka masentimita 2 kapena 3, mukalowetse pa mbedza motsatira utali wake mpaka kaphimbe chitsulo, n'kusiya kamchira kosapitirira sentimita imodzi kakugwedezeka. Nsonga ya mbedza ituluke pang'ono. Ambiri amaibisa poganiza kuti nsomba ikaona chitsulo ithawa, koma nsonga yokwiririka m'nyama ya nyongolotsi siibaya msanga, ndipo nsomba imalavula musanaikole. Podulapo pamatuluka madzi afungo amene amaitana nsomba, choncho kachidutswa sikachepa mphamvu poyerekeza ndi yathunthu. Mukaona kuti tinsomba tosautsa tija tachoka ndipo zazikulu zafika, m'pamene mungakoleke nyongolotsi zofiira zing'onozing'ono ziwiri kapena zitatu, iliyonse yobaya kamodzi pakati kuti mbali zonse zizivinavina. Nyambo ikatumbuluka n'kulefuka isintheni. Pakatha mphindi 10 kapena 15 fungo lake limakhala litatsukika.

Chingwe chikhale chowonda, cha mamilimita 0.16 mpaka 0.20, chopirira makilogalamu 2 kapena 3. Ngati chimene muli nacho n'chonenepa musachitaye. Lumikizani kumapeto kwake kachingwe kowonda ka theka la mita n'kumangapo mbedza. Ikakodwa pa chitsa mudzangotaya kachidutswako. Koma chimene ndikuchikayikira kwambiri pa kalata yanu ndi kachoyandama. Tija tozungulira, tofiira mbali ina toyera mbali ina, timaoneka bwino patali, koma kuti nsomba ikamize iyenera kulimbana ndi mpweya wonse uli m'katimo, ndipo ikangomva kulemerako imalavula. Pezani kowonda ndi kotalika, ngakhale nthenga yaikulu yochotsa ubweya wake kapena kabango kouma kotseka mbali zonse. Finyirani timitovu pa chingwe mpaka kachoyandamako kamire konse kupatula nsonga ya sentimita imodzi. Kamtovu komaliza, kakang'ono kwambiri, kakhale masentimita 10 mpaka 15 pamwamba pa mbedza. Mukatero nsomba siimva kanthu ikamatola nyambo, pomwe inu mukuona zonse.

Musanakoleke nyambo yezani kuya kwa madzi. Kolekani kachitsulo kolemerako pa mbedza, ponyani, muzisuntha kachoyandama mpaka nsonga yake yokha ioneke kachitsuloko katakhala pansi. Uko ndiko kuya kwa malowo. Yambani ndi nyambo yongokhudza pansi, pakapanda kuchitika kanthu ikwezeni masentimita 10 kapena 20, n'kumapitiriza choncho. Tinsomba timakonda chapamwamba pa madzi, zazikulu zimakhalira pansi pake. Owedza ambiri amene amati padamu lakuti palibe nsomba zazikulu amakhala akuwedza pa kuya kumodzimodzi chaka chonse.

Tsopano nthawi yokokera. Kachoyandama kakamanjenjemera mofulumira, kumira n'kutumphuka, kumira n'kutumphuka, amenewo ndi ana a nsomba kapena matemba akulimbirana mchira. Musakoke. Chizindikiro chenicheni chimabwera modekha. Kachoyandama kamayamba kuyenda chammbali pang'onopang'ono, kapena kumira osabwereranso, kapena, chimene ambiri sachidziwa, kamakwera m'mwamba n'kugona pamadzi. Kukwerako kumatanthauza kuti nsomba yatola nyambo pansi n'kunyamula kamtovu komaliza kaja, ndipo kawirikawiri imakhala yaikulu. Pamenepo kwezani ndodo ndi dzanja lokha, osati ndi phewa lonse. Mbedza yaing'ono yakuthwa siifuna mphamvu. Kukoka kwambiri kumang'amba mlomo kapena kudula chingwe. Onetsetsaninso kuti chingwe cha pakati pa ndodo ndi kachoyandama sichikulendewera m'madzi, chifukwa mukakweza ndodo mphamvu yonse imathera powongola chingwecho.

Za nsomba zomeza mbedza, gwero lake ndi lomwelo: simukuona msanga zimene zikuchitika pansi. Kachoyandama kolemera, chingwe chosakungika, kapena kamtovu kotalikirana kwambiri ndi mbedza zimapatsa nsomba mpata womeza musanadziwe. Nyambo yamoyo imakoma, ndiye nsomba ikatsimikiza kuti n'chakudya siichedwa kuitsitsira kukhosi. Mukakonza zimene ndatchulazi, zambiri zidzakodwa pamlomo. Kuonjezera apo, tengani chopanira chachitsulo chowonda kunsonga mufinye kaminga kobwerera kumbuyo kamene kali pansi pa nsonga ya mbedza. Mbedza yopanda kamingako imatuluka mosavuta m'nsomba, m'chala, ngakhale m'malaya a mwana. Zina zidzapulumuka, koma sizichuluka ngati chingwe chili chokungika mpaka nsomba ifike pagombe. Ikameza mpaka mbedza osaoneka ndipo mukufuna kuibweza, musakoke. Dulani chingwe pafupi ndi mlomo. Kukoka kumang'amba kukhosi, pomwe mbedza yosiyidwa nthawi zambiri nsomba imadzaitulutsa yokha. Imene ikukha magazi m'ziwalo zake zopumira kawirikawiri siichira, ndiye itengeni ngati malamulo a pamalopo akulola. Nyowetsani manja musanagwire nsomba yoti mubweze, chifukwa dzanja louma limapukuta kuterera kwa pakhungu lake kumene kumaiteteza ku matenda.

Pali nsomba zina zimene ndikupempha kuti muzizisiya dala. Nyengo yotentha mudzaona timaenje tozungulira tokumbidwa mumchenga m'madzi osaya. Zimenezo ndi zisa. Pa makumba, yaimuna ndiyo imakumba ndi kulondera chisa, yaikazi n'kutola mazira n'kuwasunga m'kamwa mpaka ataswa. Chilunguni chimaikira pansi, ndipo makolo onse awiri amalondera mazira ndi tiana. Nsomba ya pa chisa imatola chilichonse chogweramo kuti ikachitaye kunja, ndiye kuikola n'kosavuta, koma mukachotsa chilunguni pa chisa chake mazirawo amadyedwa ndi nsomba zina. Imene yalavulira mazira kapena tiana m'manja mwanu ibwezeni msanga.

Za malo sindichulutsa mawu popeza mwawapeza kale: m'mphepete mwa bango, pansi pa mitengo yoweramira m'madzi, pamene posaya pamatsetserekera kwakuya, ndi polowera kamtsinje mvula itagwa. Chimene chimalamulira njala ya nsombazi ndi kutentha kwa madzi. Zimadya kwambiri madzi akakhala pakati pa madigiri 25 ndi 30. Akatsika kupitirira 20 zimayamba ulesi, chapafupi ndi 16 zimangotsala pang'ono kusiyiratu kudya, ndipo akazizira kufika cha m'ma 10 zimayamba kufa. Choncho nyengo yotentha pitani m'mamawa kapena chakumadzulo, nyengo yozizira pitani masana dzuwa litatenthetsa madzi osaya. Paja amati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekhako kukhale ndi malire. Theka la ola likatha mwayesa kuya kosiyanasiyana popanda chogwedeza, sunthani.

Nsomba imamva kugunda kwa mapazi kudzera mu mzere wa timabowo umene uli m'mbali mwa thupi lake, ndipo chithunzithunzi chogwera pamadzi chimaiopsa. Khalani pansi. Kulankhula kokha sikuzithamangitsa kwenikweni, ndiye mwanayo musamuletse kucheza. Zimene zimazibalalitsa ndi kupondaponda ndi kugwetsa ndowa. Pofuna kuti zisonkhane pamalo amodzi, dulani nyongolotsi zingapo, sakanizani ndi dothi lonyowa, umbani timipira ting'onoting'ono n'kumaponya kamodzi pakapita nthawi pomwe pali kachoyandama. Dothilo limavundula madzi pang'ono ndi kufalitsa fungo popanda kukhutitsa nsomba. Funsani kaye ngati pamalopo amalola zimenezi.

Tibwere ku chitini chanu. Nyongolotsi ilibe mapapo, imapuma ndi khungu, ndipo khungulo liyenera kukhala lonyowa ndi lozizira. Chitini chachitsulo chikakhala padzuwa chimatentha msanga, chikatsekedwa mpweya umatha, mukathiramo madzi ambiri dothi limasasa. Ikafa imodzi imawola mofulumira n'kupha zinzake, n'chifukwa chake mumapeza zonse zitasungunuka nthawi imodzi. Gwiritsani ntchito kandowa kapulasitiki kapena kabokosi kamatabwa kokhala ndi timabowo pa chivindikiro. Ikanimo masamba owola, kapena mapepala ndi makatoni ong'ambang'amba, onyowa moti mukafinya m'dzanja patuluke dontho limodzi kapena awiri basi. Kulungani ndi chiguduli chonyowa muike pamthunzi pomwe kamphepo kakudutsa. Madzi akamauma pa chigudulipo amaziziritsa za m'kati. Patulani zochepa m'kachitini kena koti muzitapamo, zambirizo zisamasokonezedwe. Zodulidwa ndi zofooka zisabwerere m'gulu. Samalaninso manja anu: sopo, mafuta a galimoto, fodya ndi mankhwala othamangitsa udzudzu zimapweteka nyongolotsi, ndipo fungo lake limatsalira pa nyambo. Pakani manja ndi matope a pagombe musanayambe.

Nyongolotsi si zofanana zonse. Zofiira zamizeremizere zopezeka mu manyowa, zimene asayansi amazitcha Eisenia fetida, zimavina kwambiri pa mbedza ndipo zimapirira kutentha, koma zikabayidwa zimatulutsa madzi achikasu onunkha amene nsomba zina siziwakonda. Mukazisunga tsiku limodzi kapena awiri m'mapepala onyowa aukhondo zimatsuka m'mimba n'kulimba khungu. Zazikulu za kumaiko ozizira, Lumbricus terrestris, zimafa msanga kukatentha, pomwe Eudrilus eugeniae, yochokera kumadzulo kwa Africa, imakonda kutentha n'kufa kukazizira. Kwa nsomba zanuzi zofiira zing'onozing'ono n'zokwanira. Ngati kukumba kwakutopetsani, wetani: bokosi pamthunzi, manyowa owola bwino, makoko a masamba ndi zipatso pang'onopang'ono, opanda mchere kapena mafuta. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu zimakhala zitaswana. Njira ina n'kuyala katoni yonyowa pansi pa mtengo pamene pali nthaka yachonde, n'kumathirira madzulo. Mukavundukula m'mawa mudzazipeza pamwamba. Zothira sopo kapena mankhwala pansi kuti zituluke, ayi. Zotuluka choncho sizikhalitsa, ndipo nthaka imawonongeka.

Zotsala, makamaka zogula, muzibwerera nazo kunyumba. Nkhalango za ku North America zoyandikana ndi nyanja za Great Lakes zinalibe nyongolotsi kwa zaka masauzande. Zimene zinachokera ku Ulaya, zina zake zofalitsidwa ndi owedza otaya nyambo pagombe, zadya masamba owola a pansi pa mitengo mpaka zomera zing'onozing'ono za m'nkhalangomo kumasowa pomera.

Nanga nsomba ingadye ulusi? Kumeza siimeza kawirikawiri, koma kuika m'kamwa imaika, ndipo wowedza amangofuna zimenezo. Nyambo yopanga yotchuka kwambiri yamtunduwu ndi San Juan worm, dzina lochokera ku mtsinje wa San Juan ku New Mexico m'dziko la America, kumene owedza nsomba za trout anaitchukitsa. Palibe chovuta pa kapangidwe kake. Ndi kachingwe kaubweya kofewa ka chenille, ka masentimita 3 kapena 4, komangirira pamsana pa mbedza ndi ulusi wosokera, mbali zonse ziwiri zikulendewera. Kumapeto kwake kumawaulidwa pang'ono ndi moto wa machesi kuti kusongoke komanso kusamasuke. Mitundu yodalirika ndi yofiira, yapinki ndi yakhofi. Ina ndi Squirmy Wormy, yopangidwa ndi kamphira kofewa kwambiri kamene kamanjenjemera madzi akangoyenda pang'ono. Imagwedezeka kuposa ya chenille koma siikhalitsa: imasungunuka ikasiyidwa pamalo otentha, guluu amaidya, ndipo ulusi ukamangidwa mothina umaidula.

Pali yachitatu imene anthu amainyozera chifukwa cha kuchepa, koma kwa ine ndiyo yoyenera kuyamba nayo pa madzi oima. Vuulani matope a pansi pa damu muwasefe m'manja, mudzaona timphutsi tofiira psuu, towonda, totalika sentimita imodzi kapena awiri. Ndi ana a tizilombo touluka tofanana ndi udzudzu koma tosaluma. Kufiirako kumachokera ku hemoglobin, chinthu chomwe chija chimafiiritsa magazi a munthu, chimene chimathandiza timphutsito kupuma m'matope momwe mpweya ndi wochepa. Timphutsi timeneti tili m'madzimo chaka chonse, mosiyana ndi nyongolotsi imene imangogweramo mwangozi, ndiye nsomba zimatizolowera ngati chakudya. Poyerekeza kamphutsi kotere mumangokulunga ulusi wofiira pa mbedza ya nambala 12 kapena 14, basi.

Koma mnzanuyo sanakuuzeni mbali ina. Nyongolotsi yamoyo imadzigwirira yokha ntchito: ili ndi fungo, imakoma, imagwedezeka. Yopanga ilibe fungo kapena kukoma, ndiye nsomba ikaiyamwa imazindikira msanga n'kulavula, nthawi zina sekondi isanathe. Zija ndanena zoti mudikire kachoyandama kayende modekha, pano zitembenuzeni: kakangogwedezeka kwezani ndodo. Komanso nsomba imaipeza makamaka ndi maso. M'madzi oyera imachita bwino, koma m'madzi amatope kapena kukamachita mdima yamoyo imapambana kutali.

Mumtsinje, madzi oyenda ndiwo amaipatsa moyo. Ponyani chakumtunda, muisiye itsetsereke pafupi ndi pansi pa liwiro la madziwo, chingwe chisaikokere chammbali. Padamu moyowo muupereke ndinu. Inyowetseni kaye ndi kuifinya m'madzi, chifukwa chenille wouma amasunga mpweya n'kumayandama. Ponyani m'mphepete mwa bango muisiye imire yokha pang'onopang'ono, maso anu ali pa chingwe, pakuti nsomba zambiri zimaitenga ikutsika. Ikafika pa kuya kwake igwedezeni masentimita 2 kapena 3, dikirani, gwedezaninso. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri n'kuikoka mothamanga. Nyongolotsi siisambira, imene yagwera m'madzi imangopindikapindika ikumira. Kamkanda kachitsulo kumutu kwa mbedza kamathandiza m'madzi akuya kapena othamanga, koma posaya kamamiza nyamboyo msanga mopitirira.

Simukusowa kugula ndodo yatsopano kuti muyese. Mangani nyambo yopangayo pa chingwe chanu chomwecho, pansi pa kachoyandama kowonda kaja. Mukadzakopeka ndi kawedzedwe ka fly kenikeni, komwe chingwe cholemera ndicho chimanyamula nyambo poponya, ndodo yopepuka ya fly ya nambala 3 mpaka 5, chingwe choyandama, ndi kachingwe kowonda kakumapeto ka mamita 2.5 kapena 3 n'zokwanira. Kaponyedwe kake mukaphunzire kwa munthu wodziwa, pabwalo la udzu, mbedza isanamangidwe. Dzanja limaphunzira msanga wina akamakuonani n'kumakukonzani.

Maganizo anga ndi akuti nyongolotsi musaisiye. Ndiyo imakuuzani msanga ngati nsomba zilipo, zili pa kuya kotani, ndiponso ngati zili ndi njala. Mwana wazaka 11 amafuna kuona kachoyandama kakumira, ndiye mpatseni yamoyo pa mbedza yofinya kaminga. Inuyo khalani pambali pake ndi yopanga, pa kuya komweko, muzifananiza. Masiku ambiri iye adzakuposani, koma zanu pafupifupi zonse zidzakodwa pamlomo, tinsomba sitidzakuberani nyambo, ndipo nyambo imodzi idzagwira nsomba zingapo. Pamalo amene mumabweza zambiri mwa zimene mwagwira, ubwino umenewu ndi waukulu. Dziwaninso kuti madzi ena amalola nyambo zopanga zokha, ndipo kumeneko ngakhale kupaka fungo pa fly kungakhale kulakwa. Zidutswa za mphira ndi zingwe zoduka muzitola, chifukwa nsomba zimameza mphirawo ndipo mbalame zimakodwa m'zingwezo.

Pali zinthu zimene si zothana nazo nokha pagombe. Mbedza ikalowa m'diso, pachikope, pa mfundo ya chala, kapena ikalowa kwambiri mpaka kaminga kabisika, musaisolole. Dulani chingwe, phimbani osakanikiza, pitani kuchipatala, ndipo mukafunse za katemera wa kafumbata. Minga ya pamsana pa nsombazi imabaya. Tsukani ndi sopo ndi madzi aukhondo, koma chala chikatupa, kufiira kukamafalikira, kapena thupi likatentha, musadikire. Chimodzimodzi kachilonda kapena kachotupa ka padzanja kosapola kwa masabata angapo: muwauze adokotala kuti mumagwira nsomba, chifukwa pali tizilombo ta m'madzi tosamva mankhwala wamba. Timitovu musamafinye ndi mano, ndipo mwana asamaike m'kamwa. Mtovu ndi poizoni, makamaka ku ubongo wa ana. Poponya fly valani magalasi ndi chipewa. Kumene kuli likodzo musamalowe m'madzi oima popanda chifukwa, ndipo mwana akayamba kukodza magazi mukamuyezetse, mankhwala ake alipo. Kumene kuli ng'ona funsani anthu a pamalopo musanakhale pansi. Ziphaliwali zikayamba gonekani ndodo muchoke, ndipo musaponye pafupi ndi mawaya a magetsi, pakuti ndodo za kaboni zimadutsitsa magetsi.

Za chilolezo, nyengo zotseka, ndi kukula kwa nsomba yololedwa kutenga, funsani ku ofesi yoona za nsomba kapena kwa mwini damu, popeza malamulo amasiyana malo ndi malo. Komweko n'kumene mukanene mukapeza nsomba zambiri zitafa n'kuyandama, kapena zokhala ndi zilonda zofiira pathupi. Zoterozo musadye, musazisamutsire ku madzi ena, ndipo ndowa ndi zida zanu ziume bwino padzuwa musanakawedze kwina.

Mukakonza zonsezi n'kuyamba kugwira zambiri, koma zonse zosakwana chikhatho, zamaso aakulu ndi thupi lowonda, zina zili kale ndi mazira, vuto silikhalanso la mbedza. Nsomba zamtunduwu zikachulukana padamu lopanda nsomba zodya zinzake zimayamba kuswana zikadali zazing'ono, chakudya n'kuchepa, zonse n'kupinimbira. Padamu lotero kubweza iliyonse sikuthandiza, ndipo alangizi a za nsomba nthawi zambiri amalimbikitsa kuchotsa zing'onozing'ono zambiri n'kusiya zazikulu. Kambiranani ndi mwini damuyo aitane mlangizi adzayeze nsombazo ndi madzi ake asanasankhe chochita.